Tombolombo safuna phuma

Ine ndimajambula tizilombo m'mamawa, mame asanaume. Tizilomboti timadalira dzuwa kuti thupi lifunde, ndiye kukazizira tombolombo amangoti phee pa udzu mpaka foni kumufika pafupi. Akauluka musamuthamangitse. Ali ndi chizolowezi chobwerera pa kamtengo komweko, inu ingodikirani.

Kangaude yekha sindifuna kumva akunyozedwa. Miyendo yake ndi 8 pamene ya tombolombo ndi 6, ndipo ukonde wake umakola udzudzu ndi ntchentche zomwe timadandaula nazo. Ukondewo muujambule dzuwa lili kuseri kwake kuti ulusi uwale.

Chiswamphika ndi wosavuta, amachita kutembenuza mutu n'kukuyang'anani. Koma linthumbu, abale, lijambuleni mutaima patali.