Zakale, zazitali, zaulere: sitima za m'mizinda zomwe zidaposa zinzake

Tsiku la msika pa Migowi njinga zimalawira tambala asanatsike. Wina wamanga matumba awiri a nandolo pakaliyala, wina wanyamula mayi wodwala akuthamangira naye kuchipatala, ndipo minibasi yopita ku Limbe yaima pambali kudikira kuti idzaze. Umu ndimo timayendera kuno ku Phalombe. Boma lathu lilibe njanji, ndipo ambiri mwa ife sitima tidakaionera pa Luchenza kapena ku Limbe.

Komatu m'mizinda yambiri ya dziko lapansi sitima ndiyo kabaza wa anthu. Ndi sitima yopepuka, yoyendera magetsi, imene azungu amaitcha tram. Njanji yake imayalidwa pakati pa msewu, pamwamba pamadutsa waya wamagetsi, ndipo padenga pa sitimayo pali chitsulo chonga mkono chomwe chimakhudza wayayo n'kumakoka mphamvu. Imaima pafupipafupi, pafupi ndi makomo a anthu, sukulu ndi misika. Nazi zomwe zidaposa zinzake.

Yakale kwambiri yomwe ikuyendabe

Mumzinda wa New Orleans ku America muli njanji ya mumsewu wa St. Charles Avenue yomwe idayamba kunyamula anthu mu 1835, David Livingstone asanaponde n'komwe mu Africa. Poyamba sitima zake zinkakokedwa ndi akavalo komanso injini za nthunzi, ndipo magetsi adafika mu 1893. Mabogi obiriwira omwe akuyenda lero adapangidwa mu 1923 ndi 1924. Tsopano apitirira zaka 100, koma amisiri amawakonza ndi kuwapaka utoto mpaka lero. Namondwe wa Katrina atawononga mzindawu mu 2005, mawaya adagwa ndipo sitima zidaima, koma pofika 2008 njira yonse idali itatsegulidwanso. Ife amene tidaona Napolo wa 1991 ndi namondwe wa Freddy mu 2023 tikudziwa kuti kudzutsanso chinthu chokokoloka si ntchito yamasewera.

Yoyamba kuyendera magetsi

Ulemu uwu ndi wa dera la Lichterfelde, lomwe pa nthawiyo lidali kunja kwa mzinda wa Berlin ku Germany. Kumeneko Werner von Siemens adayendetsa tram yoyamba yamagetsi mu Meyi 1881, pa njanji yosakwana makilomita atatu. Chaka chotsatira ndi chomwe nyumba ya Mandala idamangidwa ku Blantyre. Pa nthawiyo magetsi ankadutsa m'njanji momwemo, moti kavalo akaponda njanji zonse ziwiri ankagwidwa ndi magetsi. Vuto limeneli ndi lomwe lidachititsa amisiri kukweza magetsi m'mwamba, kutali ndi mapazi a anthu ndi ziweto.

Yoyamba mu Africa

Africa siidachedwe pa nkhaniyi. Mzinda wa Alexandria ku Egypt udayamba kunyamula anthu pa sitima zokokedwa ndi akavalo mu 1863, ndipo mu 1902 zidayamba kuyendera magetsi. Ku Maputo, pa nthawiyo kukutchedwa Lourenço Marques, ma tram amagetsi adayamba mu 1904 n'kusiya mu 1936. Ku Joni adayamba mu 1906 n'kuthetsedwa mu 1961, choncho agogo athu omwe adapita ku migodi m'masiku a Wenela adawaona ndi maso akudutsa m'misewu ya Johannesburg. Mizinda yambiri idazula njanji poganiza kuti mabasi ndi magalimoto akwanira. Lero ina mwa iyo ikuyalanso njanji zomwezo ndi ndalama zankhaninkhani.

Mzinda wa njanji zochuluka

Palibe mzinda woposa Melbourne ku Australia. Njanji zake za tram zikaphatikizidwa zimakwana makilomita pafupifupi 250, kuposa mtunda wochokera ku Blantyre kukafika ku Dedza. Pali njira 24 ndi malo okwerera pafupifupi 1,700. Chinsinsi cha mzindawu n'chakuti pomwe anzawo ankazula njanji m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, iwo adakana. Adasunga zomwe adali nazo, n'kumawonjezera pang'onopang'ono kulowera kumene anthu ankamanga nyumba. Kuyambira mu 2015, wokwera pakati penipeni pa mzindawu salipira kanthu.

Njira yaitali kwambiri

Kwa zaka zambiri mbiriyi idali ya dziko la Belgium. Tram ya kumeneko imayenda makilomita 67 m'mbali mwa nyanja, kuchokera ku De Panne kufupi ndi malire a France kukafika ku Knokke kufupi ndi malire a Netherlands. Mtundawu ukufanana ndi wa pakati pa Blantyre ndi Zomba, ndipo ulendo wonse umatenga maola awiri ndi mphindi zingapo. Mu Juni 2023 mzinda wa Los Angeles udalumikiza njanji zake ziwiri pansi pa nthaka, ndipo njira yotchedwa A Line idafika makilomita 78, kuchokera ku Long Beach mpaka ku Azusa. Apo Belgium idapitiridwa.

Sitima yaitali kwambiri

Mzinda wa Budapest ku Hungary udadziwika ndi ma tram otalika mamita pafupifupi 56. Mu 2024 kampani ya Škoda idapangira dera la Mannheim ku Germany tram yotalika mamita oposa 58, kupitirira theka la bwalo la mpira. Imanyamula anthu 368 pa ulendo umodzi ndi dalaivala mmodzi. Kuti anthu omwewo achoke pa Chitakale kupita ku Limbe pangafunike maminibasi oposa 20, aliyense ndi dalaivala wake, kondakitala wake ndi mafuta ake. Pansi pa sitimayi ndi potsika, pafupifupi kulingana ndi pokwerera, moti gogo wa ndodo, mayi wobereka mwana ndi munthu wa njinga ya olumala amangolowa osakwera masitepe. Kwa ine ichi n'chachikulu kuposa kutalika kwakeko.

Yotsika mtengo kuposa zonse

Dziko laling'ono la Luxembourg lidakhala loyamba padziko lonse kuthetsa malipiro pa mabasi, sitima ndi ma tram kuyambira mu Marichi 2020. Ndalama zoyendetsera zimachokera ku misonkho. Boma lidaona kuti magalimoto achuluka m'misewu, ndipo lidafuna kuti anthu azisiya galimoto pakhomo. Munthu amene theka la malipiro ake limathera pa thiransipoti angamvetse kukula kwa nkhaniyi.

Yoyamba yamakono kumwera kwa Sahara

Mu 2015 mzinda wa Addis Ababa ku Ethiopia udatsegula sitima zake zamagetsi za mumzinda: njira ziwiri, makilomita oposa 30 ndi masiteshoni 39. Ntchitoyi idadya madola 475 miliyoni a ku America, ndipo gawo lalikulu lidali ngongole yochokera ku China. Anthu adakhamukira kukakwera chifukwa mtengo wake udali wotsika. Koma patangopita zaka zochepa, ambiri mwa masitima 41 omwe adagulidwa adaima m'galaja kusowa zipangizo. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kugula sitima n'kosavuta poyerekeza ndi kuisamala, ndipo apa mabogi akale a ku New Orleans ali ndi phunziro lalikulu. Dziko la Mauritius nalo lidatsegula Metro Express mu 2019, yomwe lero imalumikiza Port Louis ndi Curepipe.

Nanga kwathu?

Ngakhale tilibe tram, njanji yathu ili ndi mbiri yakeyake. Yoyamba idafika ku Blantyre mu 1908 kuchokera ku Port Herald, komwe lero ndi ku Nsanje, mtunda wa makilomita pafupifupi 180, ndipo idadzera pa Luchenza ndi Limbe. Kuti katundu wathu afike ku Beira popanda kuwoloka pa bwato, adamanga mlatho wa Dona Ana pa mtsinje wa Zambezi, pakati pa Sena ndi Mutarara. Utatha mu 1935 udali wotalika makilomita oposa atatu ndi theka, mlatho wa njanji wautali kuposa wina uliwonse mu Africa pa nthawiyo. Chaka chomwecho njanji idafika ku Salima. Mu 1970 idatsegulidwa ya ku Nayuchi, kumpoto kwa nyanja ya Chilwa, yolowera ku Nacala. Madzi osefukira a 1997 adadula njira ya kummwera pa Chiromo, ndipo Chigwa cha Shire chidakhala zaka zambiri chili chodukana ndi Limbe pa njanji.

Njanji yomwe idamangidwira tiyi, fodya ndi thonje ikadalipo. Imachoka ku Limbe, kudutsa Blantyre, Chirimba mpaka Lirangwe, m'madera momwe anthu zikwizikwi amadzuka usiku kukalimbirana minibasi. Pakati pawo pali ana athu a ku Phalombe, amene amagulitsa mumsika wa Limbe kapena kulondera m'makampani, ndipo ena amayenda wapansi kuti ndalama ya ulendo itsale ya ndiwo.

Mizinda yonse tatchulayi siidayambe ndi makilomita 250. Lichterfelde idayamba ndi osakwana atatu. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha. Aphungu athu, makhansala ndi akuluakulu oona za mtengatenga, yambani ndi njanji yomwe ilipo kale: ikani sitima ya m'mawa ndi yamadzulo pakati pa Limbe ndi Lirangwe, muisamale, ndipo izifika pa nthawi yake. Nafenso ovota tiziwafunsa za njanji monga momwe timawafunsira za misewu ndi milatho.