Thandizo la boma likafika kumudzi, mtengo wa chimanga umalowera kuti?

Amalonda anzanga, sabata ino tikambe za thandizo lomwe boma limapereka mbewu zikaonongeka m'minda. Ena amaona ngati nkhaniyi ndi ya alimi okha, koma imafika mpaka pa sikelo yanu.

Pa 23 Marichi 2024, Lazarus Chakwera, yemwe anali mtsogoleri wa dziko lino pa nthawiyo, analengeza kuti maboma 23 mwa 28 agwa m'ngozi chifukwa cha ng'amba ya El Niño. Mu 2023 namondwe wa Freddy anali atakokolola kale minda ku Nsanje, Chikwawa, Phalombe ndi Mulanje.

Zikatere thandizo silituluka mawa lake. Choyamba komiti ya MVAC imaunika mabanja omwe chakudya sichiwafikitsa pokolola. Kenako nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA imagwira ntchito ndi makhonsolo ndi makomiti a m'midzi polemba maina. Kugawa kumachitika m'miyezi ya njala, pakati pa Okutobala ndi Marichi.

Ndalama zake zimachokera ku boma, ku mabungwe othandiza, komanso ku inshuwalansi ya chilala yomwe boma limagula ku African Risk Capacity. Inshuwalansiyi inapereka madola 14.2 miliyoni mu 2022 ndi madola 11.2 miliyoni mu 2024. Eni ake sayendera munda ndi munda, amawerengera kuchepa kwa mvula pogwiritsa ntchito satelayiti. N'chifukwa chake mlimi sabwezeredwa matumba omwe wataya. Chomwe amalandira n'chongomuthandiza kudya.

Kwa wamalonda, funso lalikulu ndi lakuti: thandizolo likubwera ngati chimanga kapena ndalama?

Likabwera chimanga, nthawi zambiri thumba la makilogalamu 50 pa banja pamwezi, ogula chimanga amachepa ndipo mtengo umaima kapena kutsika m'deralo. Amene munasunga matumba podikira Januwale mukhoza kugulitsa moluza. Koma a chigayo, ogulitsa usipa, mchere, sopo ndi mafuta ophikira amapezako bwino, pakuti timakobiri tomwe banja likanagulira ufa timapita ku ndiwo.

Likabwera ndalama, pamanja kapena pa foni, anthu ambiri amathamangira kumsika tsiku limodzi. Ngati chimanga chili chochepa, mtengo umalumpha. Wamalonda yemwe anaoda msanga amagulitsa zambiri, pomwe wochedwa amakapeza ku hoselo nako akweza.

Tsono chitani izi. Musanaode katundu wambiri, funsani kwa khansala, kwa mfumu kapena ku khonsolo kuti dera lanu lilandira chiyani komanso liti. Mverani wailesi, chifukwa ndondomekoyi amailengeza.

Musatenge katapila kuti musunge chimanga. Chiwongoladzanja chimakula tsiku ndi tsiku, anankafumbwe nawo sagona, ndipo lole imodzi ya chimanga chaulere ingathe kugwetsa masamu anu onse.

Samalani pokongoza katundu munthu akamati “ndibweza tikalandira”. Masiku olandirira amasuntha, ndipo maina ena sapezeka pa mndandanda. Kongozani zomwe mungapirire zitachedwa, ndipo lembani m'kope.

Musagule chimanga cha thandizo kwa olandira kapena kwa ogawa. Sichogulitsa, ndipo chingakufikitseni kupolisi katundu n'kulandidwa.

Pomaliza, musakweze mitengo mwankhanza tsiku lolandira ndalama. Mayi yemwe mwamudyera masuku pamutu mu Febuluwale ndi yemweyo mudzamufune mu Meyi atakolola mtedza ndi soya. Anthu akumudzi saiwala amene anawayezera bwino pa njala.

Eni maajenti a ndalama za pa foni, konzekerani ndalama zokwanira sabata yolandirayo. Kasitomala akabwerera pa benchi yanu chimanjamanja, ndalamazo amakatapa ku msika wina ndipo amagulira komweko.