Chitsulo Chikasintha Mpando

Pitani kwa amisiri okonza mawailesi mumsika wa Limbe, muone zomwe zili pathebulo pawo. Pali maginito akuda ochokera m'sipika, kamtengo kakuda kokulungidwa waya komwe kamakoka mawu m'wailesi yakale, mwinanso chingwe cha laputopu chokhala ndi kachotupa kumapeto. Zonsezi ndi ferrite. Mukaigwetsa imasweka ngati phale, chifukwa ndi dzimbiri la chitsulo losakaniza ndi zitsulo zina n'kuliotcha ngati mbiya. Yogoro Kato ndi Takeshi Takei a ku Tokyo ndiwo anaipanga mu 1930.

Mu ferrite ya mtundu wa spinel, maatomu a zitsulo amakhala m'mipando ya mitundu iwiri, A ndi B. Louis Néel wa ku France anafotokoza mu 1948 kuti a mbali ziwirizi amalozetsa mphamvu yawo mosemphana, ndipo maginito omwe timawamva ndi otsala mbali imodzi ikaposa inzake.

Tsono taganizani za Kamuzu Stadium. Maule akadzaza mbali imodzi, kutsidya kuli anthu osachemerera timu iliyonse, nyimbo sizigwirizana: uyu yake, uyo yake, ena akutsutsana za kochi. Zinc ferrite ili choncho. Mipando ya A yakhala zinki, yemwe alibe maginito, ndipo chitsulo cha ku B chimangothetsana mphamvu chokhachokha. Kusendeza msomali, sugwira. Koma kutsidya kukangooneka kagulu ka Manoma, Maule onse amaimba nyimbo imodzi. Chitsulo chochepa chikasinthana malo ndi zinki n'kukakhala ku A, cha ku B chimaloza kumodzi, maginito n'kudzuka.

Asayansi amachita kusamutsaku mwadala. Amatenga maatomu olemera, monga a siliva kapena golide, n'kuwachotsa ma elekitironi ena kuti akhale ma ion, kenako amawathamangitsa m'makina ngati a ku Inter-University Accelerator Centre ku New Delhi kapena GANIL ku Caen. Ion ikaboola ferrite, kanjira kake kamatentha mwadzidzidzi n'kuziziranso maatomu asanabwerere m'mipando yawo. Timibulu ta ferrite tomwe amayesa n'tating'ono zedi, ma nanomita makumi ochepa chabe (nanomita imodzi ndi milimita yogawidwa ka 1,000,000), moti kanjira kamodzi kamasokoneza gawo lalikulu la kambulu.

Kuwomba ndi ma ion kumeneku kuli ndi muyezo ngati mankhwala. Mukaonjeza, tinjira timapingasana mpaka mipando yeniyeniyo imagumuka, maginito n'kufooka. Ferrite yomwe inali kale ndi maginito amphamvu kawirikawiri imangoluza.

Za magetsi nazo zimasintha. Ferrite amaikonda chifukwa salola magetsi kudutsa mwachisawawa, n'chifukwa chake katiransifoma ka m'chaja ya foni sikatentha kwambiri. M'kati mwa kambulu ma elekitironi amadumpha kuchoka pa atomu ya chitsulo kupita pa inzake, koma akafika m'malire amaunjikana ngati anthu pageti. Kuunjikanako ndiko kusunga magetsi komwe amati dielectric. Magetsi akamatembenuka mofulumira, khamulo silifika n'komwe pageti, ndiye kusungako kumatsika. Ion ikagumula maatomu a okosijeni, odumpha amachuluka. Ikawononga njira zawo, amachepa. Chimene chipambane chimadalira mtundu wa ferrite, kulemera kwa ion ndi kuchuluka kwake.

Ena ofufuza zimenezi safuna kwenikweni maginito atsopano ayi. Amafuna kudziwa kuti ferrite ya m'setilaiti kapena pafupi ndi ng'anjo ya nyukiliya, komwe imawombedwa tsiku ndi tsiku, ipirira zaka zingati.