Mahatchi a ku Chelinda ndi Mahatchi a Abasotho

Ku Malawi hatchi ndi chiweto chachilendo. Makolo athu ankayenda wapansi, azungu a m'nthawi ya atsamunda ankanyamulidwa pa machila, ndipo wolemba mabuku Laurens van der Post, atafika ku Nyika mu 1949, anayendera dera lalikulu la phirilo wapansi, amtengatenga atamusenzera katundu. Chifukwa chimodzi ndi kashembe, ntchentche yomwe kulumwa nayo kumapha mahatchi. Kudambo la Vwaza, m'boma la Rumphi momwe mulinso Nyika, ntchentchezi zidakalipo ndipo zimapatsa anthu matenda a kaodzera.

Pamwamba pa Nyika zinthu n'zosiyana. Malowa ndi okwera kupitirira mamita 2,000, kumazizira mpaka udzu kuyera ndi chisanu m'miyezi ya June ndi July, ndipo kashembe kulibe. David Foot ndi mkazi wake Robyn anaona mwayi umenewu. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 ankaweta mahatchi ku Chelinda, pamwamba pa phirili, ndipo kampani yawo ya Nyika Safari Company inkatenga alendo pa maulendo a masiku angapo, kugona m'matenti m'thengo.

Ulendo wotero umakonzedwa usanayambe. Foot ankayenera kudziwa luso la mlendo aliyense kuti amupatse hatchi yomuyenera, ndipo anyamata a kukhola ankayang'ana ziboda, kumanga zishalo ndi kulongedza chakudya. Nkhungu ya ku Nyika ikatsika, zitunda zonse zimafanana. Wotsogolera wosadziwa njira angasocheretse gulu lonse. Koma mphoto ya ulendo wa pa hatchi inali yakuti mbidzi, ntchefu ndi zilembwe sizithawa msanga munthu amene ali pa hatchi. Anthu a m'mayiko akutali anaidziwa Rumphi chifukwa cha ntchito ya Foot, ndipo ayenera kuthokozedwa.

Koma taonani ku Lesotho. Kumeneko hatchi inazika mizu kuyambira m'nthawi ya mfumu Moshoeshoe, ndipo mpaka lero ndi chiweto cha munthu wamba: amapitira nayo kuchigayo, kusitolo, kumaliro. Alendo akafika ku Malealea kapena ku Semonkong amabwereka mahatchi a anthu a m'midzi, amatsogoleredwa ndi anyamata akumeneko, n'kumagona m'nyumba za m'mudzi. Ndalama zimatsalira eni nthaka.

Ku Nyika mahatchi anali a kampani. M'kati mwa paki ya Nyika mulibenso midzi, chifukwa mabanja ambiri a Aphoka anasamutsidwa pomwe malire ake ankakulitsidwa mu 1978. Choncho kampani ya Foot itachoka ku Chelinda, iye n'kukayambitsa Ride Botswana, maulendo aataliwo anathera pomwepo.

Mu 2023 boma linasainirana ndi bungwe la Peace Parks Foundation mgwirizano wa zaka 20 woyendetsera Nyika ndi Vwaza. Ngati mahatchi adzabwerere ku Chelinda, achinyamata a ku Thazima, Bolero ndi Ntchenachena aphunzitsidwe kuwaweta ndi kutsogolera alendo, ndipo ena mwa mahatchiwo akhale awoawo.