JAKISONI WA INSULINI NDI MBALE YA NSIMA ZIYENDERE LIMODZI

Pa msewu wochokera ku Liwonde kupita ku Ntaja, m'boma la Machinga, pali malo a malonda a Nsanama. Anthu a kumeneko, monganso anansi awo a ku Balaka kutsidya kwa Shire, ndi alimi amene amalaŵirira kumunda tambala atangolira. Kale matenda a shuga ankatchedwa nthenda ya anthu olemera a m'tauni, koma masiku ano akupezekanso m'midzi ngati imeneyi. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita mu 2009 anapeza kuti mwa akuluakulu 100 alionse a zaka 25 mpaka 64, pafupifupi 6 anali ndi matendaŵa.

Ena mwa odwalaŵa amamwa mapiritsi, koma ena amauzidwa kuti azibaya jakisoni wa insulini tsiku ndi tsiku. Mau ameneŵa amaopsa ambiri. Pali mphekesera zoti jakisoniyu amachititsa khungu, kapena kuti woyamba kubaya ndiye kuti watsanzika. Izi si zoona. Chimene chimaononga maso, impso ndi mapazi ndi shuga wochuluka amene wakhala m'magazi zaka zambiri osatsitsidwa. Komabe insulini ndi mankhwala amphamvu, ndipo ali ndi zovuta zake zimene wodwala ndi banja lake lonse ayenera kudziŵa.

INSULINI NDI CHIYANI?

Munthu aliyense ali ndi kachiŵalo kotchedwa kapamba kuseri kwa chifu. Kapambayu amapanga insulini, amene ntchito yake ndi kuloŵetsa m'minofu shuga wochokera m'chakudya kuti munthu apeze mphamvu. Kapamba akafooka kapena akaleka kugwira ntchito, shuga amadzaza m'magazi. Pamenepo wodwala amamva ludzu losatha, amakodza kaŵirikaŵiri ndipo amaonda ngakhale akudya.

Mankhwalaŵa anapezeka mu 1921 mu mzinda wa Toronto ku Canada, ndipo ena mwa amene anagwira ntchitoyo anali Frederick Banting ndi Charles Best. Mu Januwale 1922 mnyamata wa zaka 14, Leonard Thompson, amene anali pafupi kufa, anakhala munthu woyamba kubayidwa, ndipo anakhalanso ndi moyo zaka zina 13. Insulini samwedwa chifukwa chifu chingamugaye monga chimagayira ndiwo. N'chifukwa chake amabayidwa pansi pa khungu.

NGOZI YAIKULU: SHUGA KUTSIKA KWAMBIRI

Insulini akaloŵa m'thupi sadikira kuti munthu adye. Amayamba kutsitsa shuga, kaya m'mimba muli chakudya kapena mulibe. Insulini wooneka mbee ngati madzi amayamba kugwira ntchito pakatha mphindi 30, choncho wodwala ayenera kudya mphindi zimenezi zisanathe. Wooneka ngati mkaka amagwira pang'onopang'ono kwa maola ambiri, ndipo angathe kutsitsa shuga masana kumunda kapena pakati pa usiku.

Shuga amatsika mopitirira ngati munthu wabaya koma osadya, wadya pang'ono, wagwira ntchito ya kalavulagaga monga kugalauza kapena kupalasa njinga ya kabaza, wamwa moŵa kapena kachasu m'mimba mulibe kanthu, kapena waonjeza mlingo wa mankhwala. Kwinini wochizira malungo nayenso amatsitsa shuga, choncho wodwala aziuza adokotala kuti amabaya insulini asanalandire mankhwala ena.

Zizindikiro zake ndi izi: kunjenjemera, thukuta lozizira, njala yadzidzidzi, mtima kuthamanga, chizungulire ndi kusaona bwino. Zikapitirira, munthu amapsa mtima popanda chifukwa, amalankhula zosamveka ndi kudzandira ngati woledzera. Kenaka angathe kukomoka kapena kuphupha ngati wa khunyu. Apa mpamene ambiri amalakwitsa: ena amamuseka kuti waledzera, ena amathamangira kwa sing'anga poganiza kuti walodzedwa, pamene munthuyo akungofuna shuga basi.

CHOCHITA MWAMSANGA

Ngati wodwala akutha kumeza, apatsidwe masipuni aang'ono 3 kapena 4 a shuga osungunula m'madzi. Uchi kapena theka la botolo la chakumwa chotsekemera monga Fanta zimathandizanso. Pakatha mphindi 15 asanapeze bwino, apatsidwenso. Akatsitsimuka adye chakudya chokhalitsa m'mimba monga nsima, mbatata, chinangwa kapena nthochi. Kwa amene ali ndi kachipangizo koyezera, nambala yochepera 70 ikusonyeza kuti shuga watsika.

Ngati wakomoka, asamwetsedwe kanthu chifukwa madzi angaloŵe m'mapapo. Agonekedwe cham'mbali, apakidwe uchi kapena shuga pang'ono mkati mwa tsaya, ndipo atengedwe msanga kupita ku chipatala chapafupi. Wobaya insulini aliyense aziyenda ndi kapepala ka shuga kapena masiwiti m'thumba, pamodzi ndi buku lake la kuchipatala. Mkazi, mwamuna, ana, aphunzitsi ndi anzake a kumunda onse adziŵe zizindikirozi, pakuti mutu umodzi susenza denga.

NYENGO YA NJALA NDI YA KUSALA KUDYA

Mu Januwale ndi Febuluwale nkhokwe zambiri za ku Machinga ndi Balaka zimakhala zitatha, koma ntchito ya kumunda ndiye imachuluka. Mlingo wa insulini umene unali woyenera pa nthaŵi ya masika ungakhale waukulu pa nyengo imeneyi. Banja likayamba kudya kamodzi pa tsiku, wodwala asachite manyazi kukauza a chipatala kuti amusinthire mlingo.

M'maboma aŵiriŵa mulinso Asilamu ambiri amene amasala kudya m'mwezi wa Ramadan, ndi Akhristu amene amasala pa nyengo zawo. Malamulo a Chisilamu amalola wodwala kusasala. Wofunitsitsa kusala akaonane ndi adokotala mwezi usanayambe, ndipo akangomva zizindikiro za kutsika kwa shuga amasule pomwepo.

KULEKA JAKISONI N'KOOPSANSO

Ena akakomoka kamodzi amachita mantha nasiya kubaya. Ena amasiya akadwala malungo poganiza kuti posadya safunanso mankhwala. Kwa ana ndi achinyamata amene kapamba wawo sapanga insulini n'komwe, kuleka kungathe kupha m'masiku ochepa. Zizindikiro zake ndi ludzu lalikulu, kusanza, kupweteka m'mimba, kupuma mozama ndi mpweya wonunkhira ngati zipatso zakupsa. Wotere afulumire naye ku chipatala cha Nsanama kapena china chapafupi, kumene angathe kumutumiza ku chipatala chachikulu cha boma ku Liwonde kapena ku Balaka. Mlingo usasinthidwe potsata malangizo a mnansi. Paja safunsa anadya phula.

KABAYIDWE NDI ZOVUTA ZA PAKHUNGU

Malo abwino obaya ndi pamimba, kutali pang'ono ndi mchombo, ndi pantchafu. Wobaya pamalo amodzimodzi masiku onse amatuluka zotupa zolimba pansi pa khungu, ndipo mankhwala obayidwa pa chotupa saloŵa bwino m'magazi. Choncho azisuntha malo tsiku lililonse. Kufiira ndi kuyabwa pang'ono kumatha kokha, koma kutupa nkhope ndi kubanika, ngakhale sikuchitikachitika, kumafuna chipatala nthaŵi yomweyo. Ena amanenepa akayamba kubaya, chifukwa thupi layambanso kusunga chakudya chimene linali kutaya mu mkodzo.

Wobaya asambe m'manja ndi sopo. Botolo la insulini wa mkaka alipukuse pang'onopang'ono pakati pa zikhato, osalikhutchumula. Singano asabwerekane ndi wina aliyense, chifukwa zimafalitsa HIV ndi matenda a chiŵindi. Zotha ntchito aziike m'chitini chotseka bwino, ana asazifikire, ndi kukazisiya kuchipatala.

KASUNGIDWE KU MALO OTENTHA

Chigwa cha Shire chimatentha kwambiri mu Okutobala ndi Novembala, ndipo dzuŵa limaononga insulini. Botolo losatsegula limafuna furiji, koma lisaumitsidwe. Amene alibe furiji asataye mtima. Mu 2021 bungwe la Médecins Sans Frontières ndi yunivesite ya Geneva analengeza zimene anapeza atatsata kutentha kwa msasa wa othaŵa kwawo wa Dagahaley ku Kenya: insulini wotsegulidwa anasunga mphamvu yake kwa masabata 4 pamene kutentha kunali kusinthasintha pakati pa madigiri 25 ndi 37.

Njira ya kumudzi ndi mtsuko wadothi. Botolo liikidwe m'kachitini kotseka, kachitiniko kaikidwe mu mchenga wonyoŵa mkati mwa mtsuko, ndipo mtsukowo ukhale pamthunzi popita mphepo, kutali ndi moto. Insulini wa madzi akachita mbuu, kapena wa mkaka akachita zibuma, asabayidwe. Wodwala alembe pa botolo tsiku limene walitsegula, ndipo asadikire dontho lomaliza kuti akatenge lina.