Chiphuphu chili ndi manja awiri: udindo wa amalonda ndi mabungwe ku Ntaja

Pa 14 Ogasiti 2001, atsogoleri a maiko a m'bungwe la SADC adasainirana mumzinda wa Blantyre pangano lothana ndi katangale m'chigawo chonse cha kummwera kwa Africa. Panganolo silidaloze chala ogwira ntchito m'boma okha, koma lidapatsanso udindo makampani, mabungwe omwe si aboma ndi atolankhani. Chifukwa chake n'chodziwikiratu: chiphuphu sichiyenda popanda dzanja lopereka ndi dzanja lolandira.

Kuno kwathu, lamulo la 1995 ndilo lidakhazikitsa bungwe la Anti-Corruption Bureau, lomwe ambiri amangoti ACB. Ndondomeko yachiwiri ya dziko lino yothana ndi katangale, ya mu 2019, idagawa ntchitoyi m'magulu 12, kuphatikizapo makhonsolo, amalonda, mafumu, azipembedzo, amayi ndi achinyamata. Makampani nawo, kudzera mu mgwirizano wa Business Action Against Corruption, adalemberana mfundo zoletsa kupereka kangachepe pofuna kontirakiti. Mabungwe monga CCJP ndi MEJN akhala akuphunzitsa anthu a m'midzi kulondoloza ndalama za boma.

Zonsezi zingaoneke ngati nkhani za m'mizinda, koma phindu lake limaonekera pamsika wa Ntaja. Wogulitsa tomato kapena usipa akalipira msonkho wa msika osalandira lisiti, ndalamayo siifika kukhonsolo, ndipo zimbudzi ndi mashedi zimakhala zosakonzedwa. Akagwirizana amalonda onse kuti popanda lisiti palibe kulipira, mpata wobera umatsekeka tsiku lomwelo. N'chimodzimodzi ndi sikelo ya wogula nandolo kapena mpunga: iyenera kukhala yoyesedwa ndi a Malawi Bureau of Standards, ndipo mlimi ali ndi ufulu woona chidindo chake asanakweze thumba.

Pa ntchito zachitukuko m'pomwe chiphuphu chimapweteka kwambiri. Kontirakitala amene wagula ntchito ndi chiphuphu sataya ndalama yake ayi. Amaibweza pochepetsa simenti, kugula matabwa osalimba kapena kukumba mjigo wosazama. Pakatha mvula ziwiri khoma la sukulu limang'ambika, ndipo chilimwe chikafika amayi amabwerera kudambo. Choncho amene amalipira chiphuphucho ndi mwana wasukulu ndi mayi wotunga madzi.

Apa m'pomwe makomiti a VDC ndi ADC, pamodzi ndi mipingo, mizikiti ndi magulu a achinyamata, ali ndi mphamvu. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga lidayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020. Mwa lamuloli, nzika ili ndi ufulu wofunsa mtengo wa ntchito ya CDF, dzina la kontirakitala, kuchuluka kwa zipangizo ndi tsiku lomalizira. Komiti yanzeru imawerenga matumba a simenti pofika, imalemba m'buku, ndipo siisainira kuti ntchito yatha isanaione ndi maso. Khansala wa wodi ndiye woyamba kulandira dandaulo. Nkhani ikakula, ACB ili ndi ofesi ku Zomba, ndipo lamulo limateteza woulula.

Akuluakulu adati chala chimodzi sichiswa nsabwe. Wamalonda mmodzi akakana chiphuphu amaluza ntchito, koma onse akakana pamodzi wolandira amasowa kolowera. Msonkhano wotsatira wa ADC ndi malo oyenera kuyambira mgwirizano wotere.