Mawotchi akale a pansi pa nyanja: zipsera zake ndiye ndalama

Pomwe ambirife timangoona nthawi pa foni, ku Ulaya, America ndi Japan anthu akulimbirana mawotchi akale a akatswiri osambira pansi pa nyanja.

Mu 1953 kampani ya Blancpain ya ku Switzerland idatulutsa Fifty Fathoms, nayo Rolex n'kupanga Submariner. Seiko ya ku Japan idabwera mu 1965 ndi 62MAS, yopirira mamita 150 pansi pa madzi. Mkombero wozungulira wa pamwamba pake unkamuuza wosambira mphindi zomwe watha pansipo, mpweya usanamuthere.

Chodabwitsa n'chakuti ogula safuna yonyezimira ngati yatsopano. Mukaipala kuti zokalika zichoke, kapena kusintha nkhope yake, mtengo umatsika. Wokonza waluso amangotsuka makina, kuthira mafuta, kusintha timphira totchinga madzi, kenako n'kuyesa ngati madzi sakulowa.

Koma samalani: manambala owala usiku pa mawotchi a m'ma 1950 ankapakidwa radium, ndipo fumbi lake ndi loopsa mukalipuma. Osatsegula nokha.

Ndiye ngati agogo adasiya wotchi m'sutikesi, musathamangire kuipukuta. Kaye pitani nayo kwa wodziwa.